Lipoti la Nkhani: Mitundu Itasiya Kunena Zoona pa Lipoti la Makina Owonongeka

Bungwe lina losamalira makina, makamaka majenereta, mapampu ndi mafiriji akuluakulu, lili ndi lipoti la mlungu ndi mlungu limene oyang'anira amisiri amalidalira posankha ntchito yoyambira. Mzere uliwonse mu lipotilo ndi ntchito imodzi, ndipo danga lomaliza ndi la ndemanga, momwe mmisiri amalembamo m'mawu akeake mmene wasiyira makinawo. Pulogalamu imawerenga ndemangayo n'kupaka mzerewo mtundu: wofiira makina akakhala owonongeka, wachikasu akakhala kuti akudikira zipangizo, wobiriwira akakhala kuti akonzedwa. Kwa zaka zambiri lipotili linali mu Microsoft Access, pulogalamu yosungira deta. Deta itasamutsidwira ku pulogalamu ina yotchedwa SQL Server 2016, lipotilo linamangidwanso mu SQL Server Reporting Services, imene ambiri timangoitchula kuti SSRS. Sipanapite nthawi, dandaulo linabwera: mizere yofiira yachepa kwambiri, koma makina owonongeka sanachepe.

Ndinaitanidwa kuti ndibwezeretse mitunduyo mmene inalili. Nditalowa mkati ndinapeza kuti kusamukako kunabweretsa mavuto ochepa okha, osavuta kuwathetsa. Vuto lalikulu linalipo kuyambira kale, mu lipoti lomwelo limene aliyense ankalikhulupirira.

Malamulo atatu akale

Mu Access munali malamulo atatu, olembedwa pa conditional formatting (njira yosinthira mtundu potengera zimene zalembedwa) ya danga la ndemanga:

[Ndemanga] Like "*onongeka*"
[Ndemanga] Like "*dikira*"
[Ndemanga] Like "*konzedwa*"

Kanyenyezi ndiko wildcard, chizindikiro choimira zilembo zilizonse, zochuluka kaya zochepa, ngakhale pasakhale chilembo n'chimodzi chomwe. Amene analemba lamulo loyamba ankadziwa ntchito yake. Anadula mawu n'kusiya "onongeka" kuti akole "yawonongeka" ndi "yaonongeka", popeza amisiri ena amalemba w pamene ena samulemba. Kukhala atatu kwa malamulowa sikunali kufuna kwa munthu. Access 2007 ndi ina ya m'mbuyo mwake inkalola malamulo atatu okha pa bokosi limodzi, ndipo malirewo anakwezedwa kufika pa 50 mu Access 2010. Lipotilo linabadwa nthawi ya malire akale, ndipo palibe amene anabwererako kukawonjezera.

Posamutsa, malamulowa analowetsedwa mu Switch, imene imayesa malamulo motsatana, pa BackgroundColor (mtundu wa kumbuyo) ya mzere, pafupifupi chilembo ndi chilembo. Zinkaoneka zomveka kutero, chifukwa SSRS imagwiritsa ntchito Visual Basic polemba ma expression, timalamulo ta mkati mwa lipoti, ndipo Like ya Visual Basic imamva zizindikiro zofanana ndi za Access: kanyenyezi, chizindikiro cha funso choimira chilembo chimodzi, # yoimira nambala imodzi, ndi mabulaketi a ngodya otsekera mndandanda wa zilembo zololedwa.

Zimene zinathyoka posamuka

Choyamba chinali zilembo zazikulu. Access ikamayerekeza mawu siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, kotero "YAWONONGEKA" ndi "yawonongeka" kwa iyo n'chimodzi. Like ya mu SSRS imayerekeza nambala yeniyeni ya chilembo chilichonse, ndipo W wamkulu si w wamng'ono. Amisiri angapo amalemba chilichonse ndi zilembo zazikulu, ndipo ena amasintha n'kulemba zazikulu makamaka pamene makina afa kuti uthengawo uoneke. Ndemanga zimene zinalembedwa mofuula ndi zimene zinkatuluka zoyera. Kuzungulira dangalo ndi LCase, imene imasintha zilembo zonse kukhala zazing'ono, kunathetsa izi nthawi yomweyo.

Chachiwiri chinali chizindikiro cha peresenti. Dandaulo litangoyamba, wina anayesa kukonza lamulo la zodikira poganiza kuti popeza deta tsopano ili mu SQL Server, wildcard yoyenera ndi ya SQL. Analemba "%dikira%". Mu T-SQL, chilankhulo cha SQL Server, zimenezo n'zolondola, koma expression ya lipoti siipita ku seva ya deta, imawerengedwa ndi Visual Basic, ndipo kumeneko % ndi chilembo wamba. Lamulolo linkafunafuna ndemanga yoyamba ndi % n'kutha ndi %, ndipo yotero kunalibe. Chimene chimandidetsa nkhawa pa cholakwika cha mtundu uwu n'chakuti pulogalamu siidandaula. Pateni yolakwika ndi pateni ndithu, imangoyankha kuti ayi pa mzere uliwonse, ndipo lipoti limatuluka laukhondo ngati kuti kulibe chodikira.

Kusiyana kumeneku n'koyenera kukusunga pamtima kwa aliyense amene amayenda pakati pa mapulogalamu. Kumene Access ndi Visual Basic zimalemba * ndi ?, T-SQL imalemba % ndi _. Pokana zilembo m'mabulaketi, Visual Basic imayamba ndi ! pamene T-SQL imayamba ndi ^. T-SQL ilibe # yoimira nambala, mumalemba [0-9]. Excel nayo ili ndi zake: COUNTIF ndi SEARCH zimamva * ndi ?, FIND siimva, chizindikiro cha = sichimva, ndipo mukafuna kanyenyezi kenikeni mumaikako ~ patsogolo pake.

Panalinso lamulo lina laling'ono limene linawonjezedwa posamuka, lolemba mothinana (bold) ntchito zonse za jenereta yachiwiri, imene amisiri amailemba kuti "#2". Pateni yake inali "*#2*". Popeza # imaimira nambala iliyonse, lamuloli linkakola 12, 32, 220V ndiponso tsiku lililonse lokhala ndi nambala yotsatiridwa ndi 2. Kuti # ikhale # yeniyeni iyenera kutsekeredwa m'mabulaketi, "*[#]2*". Koma apo #21 ndi #25 zimalowabe. Tinawonjezera lamulo lakuti chotsatira chisakhale nambala, "*[#]2[!0-9]*", ndipo apa panatulukira kanthu kena: mabulaketi amafuna kuti pakhale chilembo chimodzi ndithu pamalopo, kotero ndemanga yothera pa "#2" siikoleka. Njira yake ndi kulumikiza chilembo chimodzi kumapeto kwa ndemanga musanayerekeze.

Vuto limene linalipo kale

Mitundu itabwerera, abwana oyang'anira amisiri anakhutira, ndipo ntchito ikanatha pamenepo. Ndinawapempha kuti tiyang'ane kaye ndemanga zonse zosiyanasiyana zimene zinali mu database, chifukwa sindimakhulupirira pateni imene sindinaiyese pa mawu enieni a anthu amene amalemba. Tinatulutsa ndemangazo ndi GROUP BY, iliyonse ndi kuchuluka kwake, pambali pake n'kuika mtundu umene malamulo akale ankaipatsa. Kenaka tinayamba kuwerenga mizere yobiriwira.

Mmenemo munali "yakonzedwa", monga tinkayembekezera. Munalinso "yosakonzedwa". Munali "ikufunika kukonzedwa", "iyenera kukonzedwa msanga", ndi "idzakonzedwa mawa". Zonsezi zili ndi "konzedwa" mkati mwake, ndipo zonsezi zinkapakidwa mtundu wonena kuti ntchito yatha. Access inkachita zomwezi kwa zaka zonsezo. Pamene mmisiri analemba kuti "sinakonzedwe", ndemangayo sinkakoledwa ndi lamulo lililonse, chifukwa mawuwo amathera pa e, ndipo mzere unkatuluka woyera, umene owerenga ankaumva ngati wopanda nkhani.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Wildcard imaona zilembo, siimva tanthauzo. M'ndemanga zimenezi tanthauzo silikhala mu tsinde la mawu lokha. Limakhala m'timaphatikizo ta kutsogolo ndi chilembo cha kumapeto, zimene zimanena ngati chinthu chachitika, sichinachitike, chikuchitika kapena chidzachitika. Kanyenyezi koikidwa mbali zonse za tsinde kamameza ndendende zigawo zonyamula uthengawo. Luso lomwe lija lodula mawu kuti akole kalembedwe kosiyana ndi limene linachititsa kuti "yakonzedwa" ndi "yosakonzedwa" zikhale chinthu chimodzi.

Poyamba tinaganiza zolemba pateni imodzi yokola kukana konse: sinakonzedwe, siinakonzedwe, sichinakonzedwe, sizinakonzedwe, sanakonzedwe. Tinayesa "*s[ai]*nakonzedw*", kuti kanyenyezi kapakati kaimire timaphatikizo tosinthasinthato. Pa mndandanda wathu inakola "silinda inakonzedwa", ndemanga yonena zosiyana kotheratu. Kanyenyezi sikaima pamalire a mawu. Kanatenga "si" wa silinda, n'kulumpha mpata, n'kukapeza "nakonzedw" m'mawu otsatira. Kali ngati ukonde wa maso ang'onoang'ono, umabwera ndi zonse zimene wadutsamo. Like ilibe chizindikiro chonena kuti "zilembo zilizonse, koma osadutsa mpata".

Yankho linapezeka kumapeto kwa mawu, osati kutsogolo. Pafupifupi mawu onse othera pa "konzedwe" amanena kuti ntchito sinachitike: kaya ndi kukana monga "sinakonzedwe", kaya ndi pempho monga "ikonzedwe msanga". Pateni ya "*konzedwe*" inakola zonsezo popanda kanyenyezi kapakati. Inakolanso "makonzedwe atha", imene ndi ndemanga ya ntchito yomalizidwa. Tinaisiya choncho mwadala, ndipo chifukwa chake ndicho chinatsogolera zosankha zonse zotsatira.

Kulakwira mbali iti

Pateni iliyonse yoyesedwa pa mawu olembedwa momasuka idzalakwa penapake. Chimene mungasankhe ndi mbali imene ilakwire. Mzere wofiira umene sunayenere kufiira umadyera woyang'anira kanthawi kochepa: amawerenga ndemanga, n'kuona kuti zili bwino, n'kupitirira. Mzere wobiriwira umene sunayenere kubiriwira suwerengedwa n'komwe, chifukwa ntchito ya mtundu wobiriwira ndi kuuza munthu kuti asataye nthawi pamenepo. Firiji yosunga zinthu zosachedwa kuwonongeka ingakhale mlungu wathunthu ili yozima, lipoti likunena kuti yakonzedwa. Tinagwirizana ndi abwanawo kuti mapateni ofiira akhale otakasuka, obiriwira akhale opanikiza, ndipo ndemanga ikakhala yokayikitsa isabiriwire.

Kupanikiza wobiriwira kunatanthauza kutchula zilembo zololedwa kutsogolo kwa "akonzedwa". Yakonzedwa, wakonzedwa, zakonzedwa, chakonzedwa, lakonzedwa, inakonzedwa, idakonzedwa, ndi "makina akonzedwa" pamene chotsogolera ndi mpata chabe. Zonsezi zinalowa m'mabulaketi amodzi: "*[ ywzhlnd]akonzedwa*". Chilembo s mulibe, kotero "yosakonzedwa" yatsala kunja. Titaiyesa, "idzakonzedwa mawa" inabiriwirabe. Z amene tinamulola chifukwa cha "zakonzedwa" ndi yemweyo ali mu "dza" wa m'tsogolo. Pateni imeneyi ndinaiwerenga ndi maso ndipo inkaoneka yokwana, ndipo ndi mndandanda wa ndemanga zenizeni wokha umene unaulula bowolo. Tinaika lamulo la "*dzakonzedwa*" patsogolo pake, lopereka mtundu wachikasu. Tinaikanso lina la amene amalemba "sinakonzedwa" ndi a kumapeto, chifukwa n amene tinamulola akanawabiriwiritsa.

Dongosolo la malamulo ndi gawo la tanthauzo lawo. Switch imatenga lamulo loyamba limene layankha kuti inde, n'kusiya otsala, ndipo Access imachitanso chimodzimodzi. Ndemanga zambiri zili ndi mawu onse awiri. "Inawonongeka, yakonzedwa" ndi ntchito yatha. "Yakonzedwa koma yawonongekanso" ndi makina akufa. Mu lipoti lakale zonse ziwiri zinkafiira, chifukwa lamulo lofiira linali pamwamba, ndipo zimenezi zinazoloweretsa owerenga kuti mzere wofiira nthawi zina sutanthauza kanthu. Apa kanyenyezi kapakati kanagwira ntchito yabwino, chifukwa kamasunga dongosolo la mawu: "*konzedwa*onongeka*" imakola ndemanga imene kuwonongeka kwatchulidwa pambuyo pa kukonza. Imakolanso "yakonzedwa, tachotsa waya wowonongeka", ndipo mzerewo umafiira popanda chifukwa. Kumeneko ndi kulakwira mbali imene tinasankha.

Kalembedwe kosiyana sikanativute kwenikweni. "Yalephera" ndi "yalephela" zimakoledwa ndi "*lephe[rl]*", ndipo "kudikira", "kudikila" ndi "kudikirira" zimakoledwa ndi "*diki[rl]*". Panali ndemanga zochepa zokopedwa kuchokera mu imelo zimene zinali ndi mpata wooneka ngati wamba koma uli chilembo cha nambala 160, chimene Trim ya Visual Basic, yochotsa mipata ya m'mbali mwa mawu, siichotsa. Tinkausintha kukhala mpata wamba tisanayerekeze.

Mtundu wachinayi

Chosintha chimene ndikuchiona chofunika kuposa mapateni onse ndi ichi: tinathetsa mzere woyera. Switch yopanda lamulo lomaliza la True imabweza Nothing palibe lamulo limene lakola, ndipo mzere umatsala wopanda mtundu. Mu lipoti lakale mzere woyera unkatanthauza zinthu zitatu zosiyana. Mwina mmisiri sanalembe kanthu, mwina analemba mawu amene malamulo sakuwadziwa monga "yafa" kapena "sikuyaka", mwina lamulo lenilenilo lathyoka monga zinachitikira ndi %. Owerenga sakanatha kusiyanitsa, ndipo maso a munthu wotanganidwa amadumpha chilichonse chosapakidwa.

Tsopano mzere umene sunakoledwe umakhala wotuwa ndipo umalembedwa kuti YOSADZIWIKA, ndipo wopanda ndemanga umalembedwa kuti PALIBE NDEMANGA. Pamwamba pa lipoti pali chiwerengero cha mizere yotuwa ya mlunguwo. Chiwerengerocho chikakwera mwadzidzidzi, ndiye kuti kwabwera mmisiri watsopano wa kalembedwe kake kapena china chasintha mu deta. Dandaulo limene linayambitsa ntchito yonseyi likanaoneka pa lipoti loyamba lenilenilo chiwerengerochi chikanakhalapo.

Pa ndemanga zopanda kanthu pali msampha wa SQL umene ndi bwino kuutchula. NULL, kutanthauza danga losadzazidwa, ikayerekezedwa ndi LIKE, yankho si inde kapena ayi, ndi losadziwika, ndipo NOT LIKE nayo imayankha chimodzimodzi. Ndiye munthu akalemba kuti mzere ukhale wabwino ngati ndemanga ilibe mawu akuti, mizere ya NULL siilowa mbali iliyonse. Kulumikiza mawu ndi NULL kumaberekanso NULL, kotero chilembo chija chowonjezera kumapeto chiyenera kubwera pambuyo pa ISNULL, imene imaika mawu ena pamalo pa NULL.

Kuchotsa malamulo mu lipoti

Pofika apa malamulo anali atachuluka, ndipo Switch inali yaitali moti kuiwerenga m'kabokosi ka expression kunali kovuta. Inafunikanso kulembedwa kawiri, pa mtundu wa kumbuyo ndi pa kuthinana kwa zilembo, ndipo makope awiri a malamulo amodzi sachedwa kusiyana. Ndinalangiza kuti lipoti lisiye kuganiza. Kugawa ndemanga m'magulu kuchitike kamodzi mu SQL, kutuluke danga latsopano lotchedwa Gulu, ndipo lipoti lizingopaka mtundu poyang'ana dangalo.

Malamulo tinawaika m'tebulo lawolawo la madanga atatu: nambala ya dongosolo, pateni, ndi gulu. Atamasuliridwa m'zizindikiro za T-SQL, oyambirira ake ali motere:

10 %konzedwe% YOWONONGEKA
20 %sakonzedwa% YOWONONGEKA
25 %sinakonzedwa% YOWONONGEKA
30 %konzedwa%onongeka% YOWONONGEKA
40 %diki[rl]% YODIKIRA
50 %dzakonzedwa% YODIKIRA
55 %kukonzedwa% YODIKIRA
60 %[ ywzhlnd]akonzedwa% YAKONZEDWA
70 %onongeka% YOWONONGEKA
80 %lephe[rl]% YOWONONGEKA

Manambala amalumpha makumi kuti lamulo latsopano lizipeza polowa pakati. Funso la lipoti limagwiritsa ntchito OUTER APPLY kutenga, pa ntchito iliyonse, lamulo loyamba limene lakola:

OUTER APPLY (SELECT TOP 1 m.Gulu FROM Malamulo m WHERE n.Mawu LIKE m.Pateni ORDER BY m.Nambala) g

Ndi OUTER osati CROSS kuti ntchito imene sinakoledwe isasowe mu lipoti, ingobwera ndi Gulu la NULL limene timalisintha kukhala YOSADZIWIKA. Danga la Mawu ndi ndemanga yoyeretsedwa: mpata wa 160 wasinthidwa, kutsogolo kwaikidwa mpata kuti ndemanga yoyamba ndi "Akonzedwa" ikoledwe, ndipo kumapeto kwaikidwa kadontho. Tinasankha kadontho m'malo mwa mpata chifukwa LIKE ya SQL Server imaona mipata yakumapeto mosiyana pa varchar ndi pa nvarchar, mitundu iwiri ya danga la mawu, ndipo sitinafune kuti lamulo lidalire zimenezo.

Za zilembo zazikulu mu SQL Server zimadalira collation, malamulo oyerekezera zilembo. Database yathu inali ndi yosasiyanitsa, koma tinalemba COLLATE Latin1_General_CI_AI poyerekezapo kuti zisadzasinthe mwakachetechete deta ikadzasamukanso. CI imatanthauza kuti zazikulu ndi zazing'ono n'zofanana, AI kuti tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo sitiwerengedwa. Amene adzawonjezere malamulo okhudza manambala a makina monga GEN_02 tinawalembera chenjezo pa tebulopo, kuti _ mu SQL ndi wildcard ya chilembo chimodzi, ndipo yeniyeni imalembedwa [_].

Wina wa ku ofesi ya makompyuta anafunsa za liwiro, ndipo funsolo linali loyenera. Pateni yoyamba ndi % siingagwiritse ntchito index, kalozera wofulumizitsa kufufuza, kupita molunjika pa mzere wofunika, seva iyenera kuwerenga ndemanga iliyonse. Pano sizinavute, chifukwa lipoti limayamba lasefa ntchito ndi tsiku, pa danga lokhala ndi index, ndipo mapateni amayesedwa pa ntchito za nthawi yosankhidwayo zokha. Pa tebulo lalikulu limene likufunsidwa lonse nthawi ndi nthawi, ndikanalangiza kusunga Gulu m'tebulo nthawi imene ndemanga ikulembedwa.

Kusamutsa malamulowa kunabweretsa phindu limene sitinaliganizire poyamba. Oyang'anira ena amatulutsa lipotilo ngati CSV, fayilo ya mawu ndi manambala okhaokha, ndipo CSV siisunga mtundu uliwonse. Kale ankalandira mizere yopanda chizindikiro, n'kudzipangira malamulo awoawo mu Excel, osafanana ndi a lipoti. Tsopano mawu a Gulu amabwera nawo, ndipo akhoza kusefa, kusanja ndi kuwerengera pogwiritsa ntchito dangalo. Mawuwo amaonekanso mu lipoti lenilenilo pambali pa mtundu. Lipotili limasindikizidwa kawirikawiri pa makina a inki yakuda yokha, pamene wofiira ndi wobiriwira zimatuluka zotuwa zofanana, ndipo vuto losasiyanitsa mitundu limene anthu ambiri ali nalo ndi la mitundu iwiri yomweyi. Malangizo a WCAG, othandiza kuti olumala athe kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, amanena kuti mtundu usakhale njira yokhayo yoperekera uthenga, ndiponso kuti zilembo wamba zisiyane ndi kumbuyo kwake pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Tinachotsa Red wowala amene ankabisa zilembo zakuda n'kuika mitundu yofewerapo.

Kuyesa

Abwana oyang'anira amisiri anatenga ndemanga zosankhidwa mwa zenizeni n'kulemba ndi dzanja gulu loyenera la iliyonse, osaona zimene kompyuta yayankha. Mndandandawo unakhala tebulo la mayeso. Zitsanzo zonse zovuta zimene ndatchula zilimo: silinda, idzakonzedwa, makonzedwe, yawonongekanso. Funso lalifupi limayendetsa malamulo pa tebulolo n'kuonetsa mizere yokhayo imene yankho la kompyuta lasiyana ndi la munthu, ndipo zolakwika zimene tinazivomereza mwadala zili ndi chizindikiro chawo kuti zisamasokoneze. Aliyense wowonjezera lamulo ayenera kuyendetsa funsolo asanasunge. Izi n'zofunika chifukwa lamulo latsopano loikidwa pamwamba limalanda mizere kwa malamulo onse a pansi pake, ndipo pongoyang'ana pateni simungadziwe kuti lalanda iti.

Zimene tinakana, ndi zimene zatsala

Panabwera pempho lakuti mawu enieni amene akoledwa azilembedwa mothinana mkati mwa ndemanga, kuti wowerenga aone chifukwa chimene mzere wafiirira. Maganizowo ndi abwino. Koma Like imangoyankha kuti inde kapena ayi, siinena pamene mawuwo ali. Mu SSRS zikanatheka pouza placeholder, malo oonetsera ndemanga, kuti iwerenge ndemangayo ngati HTML, chilankhulo cha masamba a pa intaneti, n'kuzungulira mawuwo ndi chizindikiro cha b cholembera mothinana. Vuto ndi lakuti amisiri amalemba zinthu monga "mphamvu <200V", ndipo < mu HTML ndi chiyambi cha lamulo, kotero gawo la ndemanga likhoza kusowa ngati simunayambe mwasintha zizindikiro zoterozo. Sindinafune kuika mawu a mmisiri pangozi chifukwa cha kukongoletsa. M'malo mwake tinawonjezera kadanga kakang'ono koonetsa nambala ya lamulo limene lakola mzerewo, ndipo kakuthandiza kwambiri pofufuza madandaulo.

Tinakambirananso za regex, njira ina yamphamvu yolembera mapateni, imene ikanathetsa vuto la malire a mawu, chifukwa ili ndi chizindikiro cha malirewo ndipo imatha kunena kuti zilembo zokha popanda mpata. Mu expression ya SSRS imapezeka kudzera mu Regex.IsMatch ya .NET. Koma T-SQL ya SQL Server 2016 ilibe regex, ndiye kuigwiritsa ntchito kukanatanthauza kubweza malamulo mu lipoti, n'kutaya danga la Gulu ndi tebulo limene woyang'anira angasinthe yekha. Ndinaonanso kuti amene adzasamalire malamulowa ndi anthu odziwa makina, osati olemba mapulogalamu. Pateni ya % ndi mabulaketi anaiphunzira titakhala nawo pansi kamodzi.

Ndiyenera kunena poyera kuti zonsezi ndi kuchiza zizindikiro za matenda. Mkhalidwe wa makina suyenera kufufuzidwa m'chiganizo. Fomu imene amisiri amadzaza iyenera kukhala ndi kabokosi kosankhapo, yakonzedwa, ikudikira, kapena ikadali yowonongeka, ndipo ndemanga ikhale yofotokozera chabe. Ndinalemba zimenezi m'malangizo anga. Amisiri ena sakufuna, akuti ntchito zambiri sizilowa bwinobwino m'magulu atatu, monga pampu imene ikugwira ntchito koma ikudontha, ndipo akunena zoona. Nkhaniyi ikukambidwabe, ndipo zikuoneka kuti padzakhala gulu lachinayi la makina ogwira ntchito koma ofunika kuwayang'anira. Ngakhale kabokosiko kabwere, ntchito zonse zakale zilibe gulu, ndipo malipoti oyerekeza chaka ndi chaka adzadalirabe tebulo la malamulo. Pakadali pano woyang'anira mmodzi wapatsidwa udindo wowerenga mizere yotuwa mlungu uliwonse, kusankha mawu atsopano oyenera lamulo, ndi kuwonjezera ndemanga iliyonse yotero pa tebulo la mayeso lamulolo lisanalembedwe.